Tisamutche wosamva tisanamuyeze makutu

M'Chichewa mawu oti "kumva" amagwira ntchito zambiri. Timamva mawu, timamva fungo, timamva kuwawa, timamvanso malangizo. Mwana wamwano timati ndi wosamva. Ngakhale chifuwa chachikulu chikakana kugonja, timachitcha TB yosamva mankhwala. Nchifukwa chake wodwala akaphonya tsiku lokatenga ma ARV, kapena akamwa mapiritsi mosiyana ndi mmene anauzidwira, sitichedwa kuweruza kuti ameneyu ndi wosamva. Ndi ochepa mwa ife amene amayamba adzifunsa ngati mawu a namwino anafikadi m'khutu mwa munthuyo.

Maganizo anga ndi akuti makutu tawaiwala pa chisamaliro cha anthu amene ali ndi kachirombo ka HIV. Timawakweza pa sikelo, timawayeza magazi, timawafunsa za kutsokomola ndi kutuluka thukuta usiku, koma funso loti "Kodi mukumva bwinobwino?" silimveka kawirikawiri. Chonsecho pakati pathu pali abale amene anachira TB koma anatuluka m'chipatala makutu atawonongeka, ndipo ena mpaka lero sadziwa chimene chinawachitikira. Kuti timvetse chifukwa chake nkhaniyi siyofunika kuizengereza, tiyeni tione kaye mmene khutu limagwirira ntchito.

Mkati mwa khutu muli chiyani?

Khutu lakunjali, lomwe amayi amavekapo ndolo, ntchito yake ndi kungokola mawu. Mawu ndi kunjenjemera kwa mpweya. Akalowa m'bowo la khutu amakagunda kachikopa kopyapyala kokungika ngati ka pang'oma, ndipo kachikopako kamagwedeza timafupa titatu tolumikizana. Kafupa komaliza ndiko kochepetsetsa mwa mafupa onse a m'thupi, kutalika kwake mamilimita 3 okha. Kameneka kamagogoda pakhomo pa kachiwalo kopindika ngati chigoba cha nkhono, kobisika mkati mwa fupa la mutu. Madokotala amakatcha cochlea. Kukula kwake ndi ngati njere ya chimanga, koma mutakatambasula kangafike mamilimita 35. Mkati mwake ndi modzadza madzi.

M'madzimo mwayalidwa kansalu kuyambira pakhomo mpaka kunsonga, ndipo pakansaluko pandandalika maselo amene ndiwo eni ake ntchito ya kumva. Woyamba kulongosola bwino malo amenewa anali Alfonso Corti wa ku Italy, m'chaka cha 1851. Selo lililonse lili ndi kamtolo ka tinthu tooneka ngati tsitsi pamutu pake, toimikidwa motsatana misinkhu, kuyambira kafupi mpaka katali. Nsonga ya katsitsi kafupi inamangidwa ndi kaulusi ku katsitsi kotalikirapo koyandikana nako. Madzi aja akagwedezeka, kamtolo kamapendekeka, kaulusi kamakokeka n'kutsegula kachitseko kakang'ono. Mchere wa potaziyamu umene uli m'madzimo umalowera pakachitsekopo, mphamvu ya magetsi ya m'selo imasintha, ndipo selolo limapereka uthenga ku mtsempha wopita ku ubongo. Kupendekeka kokwanira kuti munthu amve kunong'ona ndi kochepa kotero kuti makina oonera tizirombo ta malungo ku labotale sangakuonetse. Kachitseko kameneka mukakumbukire, chifukwa tibwererakonso.

Kansalu kaja sikofanana paliponse. Pakhomo ndi kopapatiza ndi kolimba, kunsonga ndi kotambalala ndi kofewa. Aliyense amene anaonapo ulimba adziwa kuti timitengo tifupitifupi timalira mawu opyapyala, ndipo titalititali timalira besi. Khutu ndi chimodzimodzi. Mawu opyapyala monga a likhweru kapena a nyenje amagwedeza pakhomo, pamene kugunda kwa mabingu kumagwedeza kunsonga. Khutu la mwana wathanzi limamva kuyambira kunjenjemera ka 20 mpaka ka 20,000 pa sekondi imodzi. Amene anasonyeza mmene funde limayendera pakansaluka ndi Georg von Békésy wa ku Hungary, ndipo analandira mphotho ya Nobel mu 1961.

Koma von Békésy ankafufuza makutu a anthu omwalira, ndipo kuti aone kugwedezeka kulikonse ankayenera kuliza phokoso lalikulu zedi. Nanga munthu wamoyo amamva bwanji udzudzu ukulira kuseri kwa neti? Mu 1948 katswiri wina wachinyamata, Thomas Gold, ananena kuti nkhaniyi siikukwana. Madzi amazimitsa kugwedezeka. Yesani kuomba m'manja pansi pa madzi muone ngati kumveke. Iye anati m'khutu muyenera kukhala chimkuzamawu chowonjezera mphamvu. Akatswiri a makutu a nthawi imeneyo sanamulabadire, ndipo panatha zaka 30 maganizowa ali chigonere.

Mu 1978 David Kemp wa ku London analowetsa kamaikolofoni kakang'ono m'bowo la khutu la munthu, analiza kamawu kachidule, n'kumvetsera. Patapita kamphindi kochepa khutu linabweza mawu akeake. Zodabwitsa koma zoona: khutu lathanzi limatulutsa mawu. Mu 1985 William Brownell ndi anzake anaona gwero lake. Anapeza kuti gulu lina la maselo aja limafupika ndi kutalika likakhudzidwa ndi magetsi. Jonathan Ashmore anajambula pa kanema selo limodzi lotere likudumphadumpha motsatira nyimbo, ngati likuvina. Kenako mu 2000 gulu la Peter Dallos ku America linapeza puloteni imene imayendetsa kuvinako, n'kuipatsa dzina loti prestin.

Choncho maselo a kumva alipo a mitundu iwiri. A mtundu woyamba alipo pafupifupi 3,500 m'khutu limodzi, ndipo anandandalika mzere umodzi. Amenewa ndi amithenga. Mwa mitsempha 100 iliyonse yotengera mawu ku ubongo, pafupifupi 95 imachokera kwa iwo. A mtundu wachiwiri alipo pafupifupi 12,000, m'mizere itatu, ndipo amenewa ndiwo zimkuzamawu zija. Paja amati katungwe ndi kukankhana. Mawu ofooka akagwedeza kansalu pang'ono, maselowa amafupika ndi kutalika pa nthawi yake yeniyeni, kukankha katungwe kuti apite patali, kambirimbiri pa sekondi imodzi. Kugwedezeka kofooka amakukuza kokwana 100 mpaka 1,000, kuti amithenga aja akuzindikire. Phokoso likakhala lalikulu kale salikuza kwenikweni. Ndi nzeru imeneyi imene imatitheketsa kumva kunong'ona kwa wodwala usiku komanso kupirira kulira kwa ng'oma pa gule. Maselo omwewa ndiwonso amathandiza kulekanitsa mawu oyandikana, kuti liwu la mwana wanu mulitole pakati pa phokoso la mumsika.

Apa ndi pamene pagona nkhani. Diso limodzi lili ndi maselo oonera oposa 100 miliyoni, koma khutu lili ndi maselo omvera osapitirira 16,000. Timabadwa nawo, ndipo likafa limodzi palibe lina lobwera m'malo mwake. Khungu limamera, magazi amabwerera, fupa lothyoka limalumikizana, koma maselo awa ayi. Nkhuku yatiposa pamenepa, pakuti mu 1988 akatswiri anapeza kuti mbalame zimameretsanso maselo amenewa akawonongeka. Mankhwala omeretsa maselowa mwa munthu sanapezeke.

Jakisoni amene anapulumutsa moyo n'kutenga makutu

Pali banja la mankhwala amphamvu opha mabakiteriya, lomwe muli streptomycin, kanamycin, amikacin ndi gentamicin. Sindikufuna wina andimve molakwa. Mankhwalawa apulumutsa anthu osawerengeka. Streptomycin, amene anapezeka mu 1943, ndiye anali mankhwala oyamba kugonjetsa TB. Vuto lake ndi lakuti mankhwalawa akafika m'madzi a m'khutu amalowera pakachitseko komwe kaja kolowera potaziyamu. Akalowa m'selo satuluka msanga. Amatha kukhalamo miyezi ingapo, ndipo ndi chifukwa chake makutu a munthu amatha kupitiriza kuwonongeka ngakhale jakisoni atasiyidwa.

Oyamba kufa amakhala zimkuzamawu za pakhomo, zomvera mawu opyapyala kwambiri. Poyamba wodwala sazindikira kanthu, chifukwa mawu otayikawo ndi opyapyala kuposa amene timalankhulira. Mwina amangomva m'makutu mukulira ngati nyenje. Kuwonongekako kumalowa mkati pang'onopang'ono mpaka kufika pamalo omvera malembo monga s, f, t ndi ts. Apa munthu amamva kuti wina akulankhula, koma mawu sakugwirika. Tatchulani "atatu" ndi "asanu". Mukachotsa malembo opyapyalawo, zotsala ndi a-a-u ndi a-anu, zomveka pafupifupi zofanana. Tatchulaninso "Lachitatu" ndi "Lachisanu". Tsopano ganizirani mayi amene waima pa windo lolandirira mankhwala, anthu akusokosa kumbuyo kwake, wopereka mankhwala wavala chophimba pakamwa ndipo akulankhula maso ali pa kaundula. Mayiyo avomera ndi ulemu wonse kuti "Chabwino, adokotala," abwera Lachisanu m'malo mwa Lachitatu, ndipo pa khadi lake palembedwa kuti anajomba.

Chinanso chimene osamalira odwala ayenera kudziwa ndi chakuti kukuwa sikuthandiza. Zimkuzamawu zikafa, mawu apansipansi amasowa, koma phokoso lalikulu limafikabe kwa amithenga ndi mphamvu yake yonse, mwinanso mopweteka. Munthu yemweyo amene amati "Mwati bwanji?" mukakweza mawu adzati "Bwanji mukundikalipira?" Si matama ayi, ndi mmene khutu lowonongeka limachitira. Streptomycin amakonda kuwononga kwambiri chiwalo choyandikana ndi cochlea, chimene chimatithandiza kuima ndi kuyenda osagwa, chomwenso chili ndi maselo a titsitsi ofanana. Wokhudzidwa amamva chizungulire ndipo amayenda dzandidzandi makamaka mumdima, anthu n'kumamunena kuti wayamba mowa.

Nkhaniyi ikutikhudza ife chifukwa TB ndiyo matenda amene amapha anthu ambiri mwa amene ali ndi HIV. Kwa zaka zambiri, m'Malawi muno ndi m'mayiko oyandikana nafe, munthu akadwala TB kachiwiri ankalandira mankhwala a miyezi 8, ndipo miyezi iwiri yoyamba ankabayidwa streptomycin tsiku ndi tsiku. Odwala TB yosamva mankhwala ankabayidwa kanamycin kapena capreomycin kwa miyezi yambiri, pa chithandizo chotha pafupifupi zaka ziwiri. Kafukufuku amene anafalitsidwa mu 2012 kuchokera ku chipatala cha Brooklyn Chest ku Cape Town anatsatira odwala 153 a TB yosamva mankhwala amene anayamba chithandizo akumva bwino. Mwa odwala 100 aliwonse, 57 anataya mphamvu yomva mawu opyapyala. Pakati pa amene anali ndi HIV chiwerengerocho chinali 70 mwa 100, pamene kwa amene analibe chinali 42. Zina mwa zifukwa zake n'zodziwika. Mankhwalawa amatuluka m'thupi kudzera mu impso, choncho impso zikafooka amakhalitsa m'magazi. Thupi lowonda limalemedwa msanga ndi mlingo wa mankhwala. Ndiponso amene ali ndi HIV ndiwo ankabwerezabwereza kudwala TB, motero ankabwerezanso jakisoni.

Phumeza Tisile wa ku Khayelitsha, ku South Africa, wakhala akufotokoza poyera nkhani yake. Anadwala TB mu 2010 ali wophunzira, ndipo jakisoni wa kanamycin anamugonthetsa makutu onse awiri. TB anachira mu 2013, koma anakhala zaka pafupifupi zisanu osamva, kufikira mu 2015 pamene anamuika tizipangizo ta magetsi mu cochlea kudzera mu opaleshoni yodula kwambiri. Iye pamodzi ndi Nandita Venkatesan wa ku India, amenenso anataya makutu mwa njira yomweyo, anakatsutsa pempho la kampani yopanga bedaquiline loti ipitirize kukhala ndi umwini wa mankhwalawo ku India, ndipo mu 2023 pempholo linakanidwa. Bedaquiline ndi mapiritsi amene analowa m'malo mwa majakisoni aja. Ndatchula amayi awiriwa kuti tione kuti kusintha kunabwera chifukwa odwala eni ake anakana kukhala chete.

Ndipo kusinthako kunabweradi. Mu 2017 bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO linalangiza kuti njira ija yongowonjezera streptomycin kwa odwala TB kachiwiri isiyidwe. Mu 2018 linachotsa kanamycin ndi capreomycin pa mankhwala ovomerezeka a TB yosamva mankhwala, ndipo chaka chomwecho South Africa inayamba kupereka bedaquiline m'malo mwa jakisoni. Mu 2022 WHO inavomereza chithandizo cha miyezi 6 cha mapiritsi okhaokha. Amene akuopa kukayezetsa makhololo chifukwa cha nkhani za majakisoni akale adziwe kuti zinthu zinasintha.

Ena anena kuti ngati ndi choncho, nkhaniyi yatha. Ine ndikuti ayi. Kuyambira mu 2004 pamene ma ARV anayamba kuperekedwa mwaulere m'Malawi, anthu ambiri amene anabayidwa majakisoniwa anakhala ndi moyo. Ali nafe m'magulu athu othandizana, akulima, akulera zidzukulu, ndipo maselo amene anataya sanabwerere. Lamulo latsopano la ku Geneva silikuwathandiza kumva. Komanso amikacin akadaperekedwabe kwa odwala ena amene mankhwala ena sangawathandize, ndipo gentamicin ndi mankhwala a tsiku ndi tsiku m'zipatala pa matenda aakulu, ngakhale kwa makanda. Pali matendanso amene amawononga makutu paokha, monga matenda oumitsa khosi amene amagwira anthu omwe chitetezo cha m'thupi chatsika kwambiri, chindoko chosachizidwa, ndi kutuluka mafinya m'khutu komwe kumavutitsa ana ambiri amene ali ndi HIV. Onjezanipo phokoso. Bambo amene anataya kale gawo la maselo ake chifukwa cha jakisoni, kenako n'kupeza ntchito pa chigayo kapena pa shopu yowotcherera zitsulo popanda chotseka m'makutu, akudya mbewu yotsala m'nkhokwe. Ngati pamalo pafunika kukuwa kuti mnzanu amene mwayandikana naye akumveni, phokosolo ndi lowononga mukakhalitsapo.

Ena anenanso kuti zipatala zathu zikuvutika kale, akatswiri a makutu ndi owerengeka, ndipo zoyamba ndi zopulumutsa moyo. Mfundoyi ndi yomveka, koma sindikugwirizana nayo yonse. Kufunsa funso sikulira ndalama. Kulemba m'bukhu la kuchipatala la wodwala kuti "anabayidwapo streptomycin kapena kanamycin, samva bwino" sikulira ndalama. Ndipo zimene David Kemp anapeza zija zinabala kachipangizo konyamula m'manja kamene amalowetsa m'khutu n'kumvetsera ngati zimkuzamawu zikuyankha. Kuyezako kumatenga mphindi zochepa, sikupweteka, ndipo sikufuna kuti woyezedwa anene kanthu, nchifukwa chake amayezera ngakhale khanda lili mtulo. Malo oyezera makutu alipo pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre ndi pa chipatala cha ABC ku Lilongwe. Chofunika ndi chakuti ogwira ntchito za HIV ndi TB azitumizako anthu, ndipo mabungwe amene amagula njinga ndi mabuku a mavolontiya aganizirenso zothandiza pa mayendedwe ndi pa zipangizo zovala m'khutu zokuzira mawu. WHO imanena kuti amene akubayidwa amikacin aziyezedwa makutu pafupipafupi. Kuyeza n'kofunika jakisoni asanayambe, chifukwa popanda kudziwa pamene munthu anayambira n'kovuta kuona kuti watsika.

Pali mbali inanso imene imandipweteka mtima, ya chinsinsi. Tinalimbana zaka zambiri ndi kusalana kuti munthu azilandira uphungu m'chipinda, mosamvedwa ndi ena. Koma phungu akakhala ndi munthu wosamva bwino amayamba kukweza mawu, ndipo zotsatira za magazi zimamveka mpaka pa benchi panja. Ena amachita kubwera ndi mwana wawo kuti aziwamvera, ndiye kuti zam'nyumba zonse zikudzera mwa mwanayo. Ambiri amasankha kungogwedeza mutu kuti nkhani ithe msanga. Uthenga wathu wambiri timaufalitsa pa wailesi ndi pa zimkuzamawu za pa galimoto, ndipo anthu amenewa umawadutsa. Bungwe la anthu a vuto la kumva la MANAD lilipo, ndipo magulu athu akhoza kuliitana kuti liwaphunzitse zoyambirira za chinenero cha manja.

Kwa aphungu ndi osamalira odwala kumudzi, njira ndi yapafupi. Khalani moyang'anana ndi munthuyo pamalo owala kuti aone milomo yanu, zimitsani wailesi, lankhulani momveka ndi mosathamanga koma osakuwa. Ngati sanamve, nenani ndi mawu ena m'malo mobwereza omwewo. Tsiku lobweranso lilembeni, chiwerengero cha mapiritsi musonyeze ndi zala, ndipo mumupemphe kuti abwereze yekha zimene mwagwirizana. Dzina lija loti gonthi tilisiye.

Kwa inu amene mukumwa mankhwala, wakutsina khutu ndi mnansi: musasiye ma ARV kapena mankhwala a TB chifukwa cha zimene mwawerengazi. Ma ARV amachepetsa kwambiri mwayi wodwala TB ndi matenda oumitsa khosi, motero amateteza ndi makutu omwe. Sikuti kulira kulikonse kwa m'makutu ndi chizindikiro cha kugontha, pakuti kwinini wa malungo amalizanso makutu ndipo nthawi zambiri kumatha mankhwala akatha. Koma ngati mukubayidwa jakisoni tsiku ndi tsiku, funsani dzina lake ndi masiku amene mudzabayidwe. Mukayamba kumva kulira m'makutu, kutsekeka ngati mwalowa madzi, chizungulire, kapena mukaona kuti anthu ayamba kulankhula ngati akumeza mawu, uzani namwino kapena dokotala tsiku lomwelo, jakisoni wotsatira asanabayidwe. Iwo akhoza kuyeza impso, kusintha mlingo kapena kusintha mankhwala. Musathire mafuta kapena madzi a zitsamba m'khutu, chifukwa vutolo lili mkati mwa fupa kumene zimenezo sizifika. Ndipo ngati munabayidwapo majakisoni a TB zaka za m'mbuyomu, muzinena nthawi iliyonse mukagonekedwa m'chipatala, komanso pa ulendo wanu wotsatira wokatenga ma ARV pemphani kalata yokayezetsera makutu.